Ndinali Nkhoswe ya Mkaidi ku Joni

Kwathu kuno ku Ligowe, munthu akachokera ku Joni amayamba amuyang'ana m'manja, kumaso pambuyo. Ine ndinafika ndi kajumbo, m'katimo muli malaya ndi mswachi basi, ndipo mpaka lero anyamata ena pamsika akandiona amakodolana n'kumati, "Adipoti aja ndi awo." Amatanthauza munthu amene boma la kumeneko linamubweza kwawo. Azinena, pakamwa ndi pawo. Ine ndikakhala pansi n'kukumbukira zaka zonse zimene ndinatha m'dziko la eni, palibe ntchito imene ndimainyadira kuposa imene inandithamangitsitsa kumeneko. Ntchitoyo inali yotulutsa mnzanga Tobiyasi m'ndende.

Ndinanyamuka kuno nyengo yokumba mbatatesi, chaka chimene mitengo inagwa moti thumba lathunthu silinkagula ndi nsapato za mwana zomwe. Amake Chisomo, akazi anga, anandiperekeza mpaka pamsewu, mwana wamng'ono ali kumbuyo, osalira. Anangoti, "Mukakumbukire kuti mwasiya anthu kuno." Basi ya ku Joni ndinakakwerera pa Zalewa, ndipo anandikhazika pafupi ndi mwamuna wina wamtali, wokonda kuseka, yemwe chikwama chake chinkanunkhiza basi yonse mlamba wowamba. Tisanafike ndi ku Mwanza komwe anali atandiuza kale kuti dzina lake ndi Tobiyasi, kwawo ndi ku Matope, wasiya mkazi ndi khanda, ndipo ukonde wamukana. Nditamuuza kuti ndine wa ku Ligowe anandimenya pantchafu.

"Aa! Wa ku Neno mnzanga! Ndiye inu ndinu achimwene anga, basi. Tengani mlamba."

Kuyambira pamenepo sanandiitanenso dzina lina. Kutentha kwa ku Tete tinapsa nako limodzi, mizere ya m'malire tinaima limodzi, ndipo titafika kumene tinkapitako tinayamba limodzi kuima m'mphepete mwa msewu kudikira wotitenga pa ganyu. Iye ankaimba nyimbo za asodzi kuti tiiwale njala. Ine ndinkamuletsa kuti atiitanira apolisi, koma akasiya ndinkamuuzanso kuti apitirize.

Kenako tinalembedwa pakampani ina youmba njerwa za simenti, kunja kwa tawuni yaikulu. Ntchito yake inali yothyola msana. Simenti imadya manja, imalowa m'mphuno, ndipo pofika madzulo tonse tinkakhala otuwa ngati tagubuduka paphulusa. Tinkagona kuseri kwa kampaniko, m'zipinda za malata zimene nthawi yozizira zinkadontha madzi a mpweya wathu womwe. M'menemo munali a ku Mozambiki, a ku Zimbabwe, Asutu, ndi ife. Tinkaphika pamodzi, kusekana ziyankhulo, kubwerekana mabulangete. Ndikalandira ndinkatumiza kwathu kangachepe kudzera kwa madalaivala a mabasi, ndipo amake Chisomo ankandiimbira kuti feteleza wagulidwa, mbuzi yaswa, denga lasiya kudontha. Masiku a m'pasipoti yanga anatha ndisanazolowere ndi njira za m'tawunimo zomwe, ndipo kuyambira pamenepo ndinkayenda monga anzanga onse, makutu ali tcheru, maso ali pa galimoto ya apolisi.

Chaka china kuzizira kwa kumeneko kunandigwetsa ndi chibayo. Kapitawo anati amene sakuumba njerwa achoke m'chipinda, malo akufunika. Tobiyasi ankamaliza gawo lake n'kuyamba langa, kuti dzina langa lisachotsedwe, ndipo tsiku limene ndinalephera kuima anandibereka kumsana mpaka kuchipatala, akundinyoza njira yonse kuti anthu a kumapiri timalemera ndi mbatatesi. Sanadzanditchulirepo nkhani imeneyi ngakhale tsiku limodzi, koma ine sindinaiiwale.

Pakampanipo panali Msutu wina dzina lake Lefa, woyendetsa kamakina konyamula njerwa. Iye ndi Tobiyasi ankamwera pamodzi, ndipo kumeneko ine sindinkawatsatira chifukwa mowa sindiulawa. Loweruka lina la kumapeto a mwezi, ine ndikuchapa zovala, anabwera mnzathu wina wa ku Mozambiki akuthamanga. Tobiyasi anali atasowa foni kumowa n'kuloza Lefa kuti ndiye waba. Mawu anakula, botolo linasweka, ndipo diso la kumanzere la Lefa linathera pomwepo. Foniyo ndinaipeza ine m'mawa mwake, m'jombo ya Tobiyasi yemweyo, mmene anaibisa yekha asanaledzere poopa akuba.

Sindimubakira. Analakwa, ndipo khoti litamupatsa zaka zambiri ndithu, ine sindinati lamulakwira. Amene anandipsetsa mtima ndi anzathu a ku Malawi amene tinkadya nawo mbale imodzi. Munthu akamwalira kunjako timasonkhana, timaimba, timanyamula mtembo mpaka kwawo. Koma atamangidwa wamoyo, aliyense anangoti zii. "Pageti la ndende amafuna pasipoti," ankatero. "Ukufuna ukadzipereke wekha?" Ine ndinapita. Msilikali wa pageti anangoyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhope yanga, n'kundilozera mkati. Masamba a madindo sanawatsegule, ndipo zinakhala choncho ulendo uliwonse kwa zaka.

Zaka zoyambirira Tobiyasi sanali munthu woti n'kucheza naye. Ankabwera kuchipinda cha alendo atavala yunifolomu yooneka ngati nachesi lakupsa, maso ofiira, nthawi zina tsaya lotupa. M'ndendemo muli magulu a akaidi olanda anzawo chakudya ndi nsapato, ndipo mlendo wopanda gulu saona tulo. Ankatukwana woweruza, kutukwana mowa, kutukwana ndi Lefa yemwe. Ine ndinkamusiya alankhule, kenako ndinkamuuza za kwawo: kuti ndaimbira mkazi wake, kuti mwana akukula bwino, kuti Shire wadzaza. Tsiku lina ndinatopa naye.

"Iwe, diso la munthu lili kuti? Ukamutukwananso Lefa pamaso panga, ine sindipondanso kuno."

Sanamutukwanenso Lefa pamaso panga.

Chimene chinamutembenuza, ine ndimati ndi matabwa. Anamulowetsa m'shopu ya ukalipentala ya m'ndendemo, ndipo munthu amene ankangodziwa ukonde ndi botolo anayamba kundifotokozera za mipando ndi zitseko mpaka nthawi ya alendo kutha. Manja ake anasintha, ndi kalankhulidwe komwe. Analowanso kwaya ya akaidi. Mpamene ndinaona ndi maso angawa kuti chilango chokha sichiwongola munthu. Nthawi imene ankangokhala m'selo ankaipiraipira. Atamupatsa chogwira m'manja, ndi munthu womuuza kuti apa wakhoza, apa wakhotetsa, ndi pamene tsiku lina anandifunsa yekha kuti, "Kodi Lefa akukhala bwanji?" Ndikamva za ndende zathu kuno, mmene anthu amagonera mothithikana n'kuswera osagwira kanthu, mtima umandiwawa, chifukwa ambiri a iwo akanatha kubwerera kumudzi ndi luso m'manja.

Lamulo la kumeneko limalola mkaidi kutuluka nthawi yake isanathe, ngati komiti ya akuluakulu yaona kuti wasinthadi. Koma asanagamule amafuna kuti wolakwa akumane ndi amene anamulakwira, apepese pamaso pa anthu. Nthawi imeneyo abale a mkazi wa Tobiyasi ku Matope anali atayamba kale kunena zomasula ukwati, kuti mwana wawo sangakalambe akudikira mkaidi, ndiye kutuluka msanga kunali kofunika kwambiri. Mayi wina wa ofesi ya m'ndendemo, woona za akaidi oyembekezera kutuluka, anakamunyengerera Lefa mpaka analola kubwera. Ine ndinapita ulendo wotsatira ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndikamva zabwino. Ndinapeza Tobiyasi atagwira mutu.

"Zakanika, achimwene. Akuti ndikhalebe muno."

"Zakanika bwanji? Sunapepese?"

"Anandikhazika pampando, maso ndi maso ndi Lefa. Ine pampando, munthu ndinamuboola diso? Ndinatsika n'kukhala pansi. Mayi uja akuti dzuka, muyang'ane kumaso, lankhula. Ndimuyang'ane bwanji, eti? Ndiye ndinati sindingalankhule ndekha, ndilibe nkhoswe."

"Ndiye?"

"Womasulira amene anatipatsa anawauza kuti ndikukana kulankhula popanda loya."

Womasulirayo anali mwana wa Mmalawi wobadwira konko, Chichewa chake chotola m'misewu, ndipo liwu loti nkhoswe anali asanalimvepo. Anangoganiza kuti munthu wolankhulira mnzake pamlandu ndi loya basi. Lefa atamva zimenezo anakankha mpando n'kutuluka, akuti munthu ameneyu akadakanabe mlandu. Mayi wa ofesi naye anauza komiti kuti Tobiyasi sanaonetse chisoni: sanamuyang'ane mnzake, sanapepese, anafuna loya.

Chonsecho zimene anachita Tobiyasi ndiwo ulemu wonse umene anaphunzira kwawo. Kwathu kuno munthu amene walakwa kwambiri sadzilankhulira. Amakhala pansi, nkhope yozolika, ndipo wamkulu wa kwawo, nkhoswe yake, ndi amene amapepesa m'malo mwake. Wolakwa amene wakhala pampando n'kumakuyang'ana m'maso uku akuti pepani, ife timati ndi wamwano. Munthu anatsekeredwanso chifukwa cha liwu limodzi limene womasulira sanalidziwe.

Ndinapempha kuonana ndi mayi wa ofesi uja. Chingerezi changa ndi cha pa simenti, koma tsiku limenelo ndinachikoka mpaka chinakwana. Ndinati, "Mayi, nkhoswe si loya. Loya amathandiza munthu kukana mlandu. Nkhoswe imauvomera mlandu, imausenza, imakagwada nawo. Ndipo munthuyo akadzalakwanso, eni mlandu safuna iye yekha, amafunanso nkhosweyo." Anavula magalasi n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anati iye sakudziwa lamulo loletsa zimenezo, ndipo ngati Lefa angalole kubweranso, ine nditha kukhalapo ngati nkhoswe. Koma iye sangapitenso kukamunyengerera, ndikayese ndekha. Nditafika pachitseko anandiitananso.

"Mapepala anu ali bwino? Tsiku limenelo pamakhala a imigireshoni, chifukwa mnzanuyo ndi mlendo. Iwowo sayang'ana chithunzi chokha."

Ndinangoti zikomo, mayi. Iye anamva, inenso ndinamva.

Nditafika kuchipinda ndinaimbira amake Chisomo, chifukwa nkhani yotere sungaibisire mkazi wako. Sanandilole ndi kumaliza komwe.

"Kodi inu munapitira ana a eni ku Joniko? Tobiyasiyo alibe amalume ake?"

"Amalume ake ali ku Matope, alibe ndi pasipoti yomwe."

"Ndiye akakugwirani, ife kuno tidya chiyani? Chisomo akupita ku sekondale chaka chamawa. Munthu wa botolo wakhala wofunika kuposa ana anu, eti?"

Zimene ankanenazo zinali zoona. Ndinangoti, "Munthuyu amanditchula achimwene. Ndikapanda kupita ine, palibenso wina." Anadula foni.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinagula tambala wamoyo pamsika, chifukwa nkhoswe sipita kukapepesa chimanjamanja. Ndinakwera naye minibasi atamangidwa miyendo, anthu akuseka, mayi wina akundifunsa ngati ndikupita kwa sing'anga. Lefa ntchito ya makina inali itamuthera kalekale, chifukwa wa diso limodzi samulola kuyendetsa, ndipo ankasoka nsapato pakhonde la nyumba ya kwawo. Anandizindikira ndili patali. Anayang'ana ine, anayang'ana tambala, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinabwerera ndi tambala wanga n'kukamumangirira kuseri kwa chipinda chathu, ndipo anzanga anamupatsa dzina loti Loya. Lamulungu linalo ndinapitanso, chitseko chomwecho. Tambala uja ananenepa ndi nyenyeswa zathu, ine ndikuyenda naye uku ndi uku.

Ulendo wina ndinapeza pakhondepo pali bambo achikulire atafunda bulangete paphewa, monga amachitira Asutu. Lefa potuluka ndi madzi anawaitana kuti, "Malome." Ndinaima chilili. Liwu lathu lomwe lija, malume! Apo mpamene ndinazindikira kuti masiku onse aja ndinkalakwitsa ndine. Nkhoswe silankhula ndi wolakwiridwa, imalankhula ndi nkhoswe inzake. Ndinavula chipewa, ndinanyonyomala patsogolo pawo, ndinaomba m'manja n'kuika tambala pansi. Tinalankhula m'chiyankhulo chosakaniza chimene tinkamvanira pantchito.

"Diso la mwana wa mlongo wanga ukulipira ndi nkhuku?"

"Iyayi, malume. Diso lilibe mtengo. Nkhukuyi ndi yopempha kuti mundilole ndikhale pansi pakhomo panu."

Anamuyang'ana tambalayo nthawi yaitali. "Kwathu timabwera ndi nkhosa."

"Kwathu nkhosa n'zosowa, malume. Tikanakhala nazo sitikanabwera kudzaumba njerwa."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza Lefa kuti andipatse mpando. Mpandowo ndinaukana, ndipo iwo anagwedeza mutu, kusonyeza kuti amva chifukwa chake. Ndinawafotokozera zonse: za kukhala pansi kuja, za nkhope yozolika, za liwu limene womasulira analiphonya. Lefa anaima pachitseko akumvetsera, nsapato ili m'manja.

"Iweyo, Tobiyasiyo ndi m'bale wako?" anafunsa bambo aja.

"Ayi. Tinakwera basi imodzi."

"Zomwezo? Nanga akadzatuluka n'kukalasa wina, tidzafunse ndani?"

"Mudzafunse ine."

Anatembenukira kwa Lefa n'kulankhula naye m'Chisutu chozama chimene sindinatolepo kanthu. Lefa ankayankha mokalipa, iwo motsitsa mawu. Pamapeto pake anatola tambala uja n'kumupereka kwa mayi wina amene anali m'nyumbamo. Nditaona kuti tambala walowa m'nyumba, ndinadziwa kuti abwera.

Tsiku la msonkhano ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi. Anzanga kuchipinda ndinawatsanzika ngati munthu wa paulendo, ndipo palibe anandifunsa chifukwa. Pakhomo la chipinda cha msonkhano panakhala bambo wa yunifolomu ina, osati ya ndende. Analandira pasipoti yanga, anatsegula tsamba ndi tsamba, anandiyang'ana, kenako anaiika m'thumba la malaya ake. "Tionana mukamaliza," anatero. Chimene ndinkaopa chinali chitachitika kale, chotsala inali ntchito imene ndinabwerera.

Tobiyasi analowa n'kukhala pansi, ndipo ulendo uno mayi wa ofesi sanamudzutse. Ine ndinakhala pambali pake. Mbali inayo kunali Lefa ndi amalume ake, pamipando. Ndinaomba m'manja n'kuyamba, m'Chichewa chenicheni, womasulira ndikumudikira liwu ndi liwu, akakhota ndikumubweza.

Ndinati, "Malume, mwana uyu ndi wanga. Anamwa, ananamizira mnzake kuba, anamulasa diso. Palibe chimene tikukana. Sitinabwere kudzachepetsa mlandu, tabwera nawo wonse kudzautula kwa inu. Wakhala pansi chonchi si mwano, ndi manyazi. Mukati akhalebe muno, ife tilibe mawu. Mukati mwamumvera chisoni, apite kwawo akalere mwana wake, tidzathokoza. Pepani, malume. Pepani, a Lefa."

Amalume aja anandiyankha mwaulemu, monga nkhoswe inzanga, ndipo anati mawu otsiriza ndi a mwini diso. Lefa analankhula nthawi yaitali. Ananena za ntchito imene inamuthera, za mwana wake wamkazi amene ankathawa nkhope yake atangotuluka m'chipatala, za mmene amagundira zitseko mbali ya kumanzere mpaka lero. Palibe amene anamudula. Atamaliza analoza Tobiyasi.

"Ichi chokha ndikufuna ndimve pakamwa pake iyeyo, osati pa inu. Kodi ine ndinaba foni yake?"

Ndinamugwira Tobiyasi paphewa. "Wakulola mwini wake. Lankhula."

"Sunabe, Lefa. Inali m'jombo yanga. Ndinakuwonongera moyo pachabe."

"Ndiyang'ane."

Tobiyasi anayang'ana ine, ine ndinamugwedezera mutu. Anadzutsa nkhope pang'onopang'ono n'kuyang'ana pamene panali diso paja, ndipo analira mokweza, mwamuna wamkulu, osadzigwira. Lefa anamusiya alire. Kenako anati, "Sindikuti ndaiwala. Koma kukhala kwako muno sikundipatsa diso lina." Sanamupatse dzanja. Amene anapatsana dzanja ndi ine ndi amalume ake, ndipo anandigwira nthawi yaitali.

Mayi wa ofesi anati zonse akazitula ku komiti, yankho lidzabwera nthawi yake. Yankholo ine sindinalidikire. Bambo wa pakhomo uja anali akundiyembekeza, ndipo kunena zoona sanandikankhe, sanandinyoze. Anati, "Ndamva zonse ndili pano, nkhoswe, koma ntchito yanga ndi imeneyi." Tobiyasi ataona kuti akundilowetsa njira ina anafuula kuti, "Achimwene!" Ndinangomukwezera dzanja.

Anandisunga kumalo kumene amasonkhanitsa alendo opanda mapepala podikira kuwabweza kwawo. Amati si ndende, koma mpanda wake ndi womwewo, nsabwe zake ndi zomwezo. Kumeneko ndi kumene ndinalawako zimene Tobiyasi anadya kwa zaka: kuwerengedwa ngati mbuzi m'mawa ndi madzulo, kudikira tsiku losadziwika, kuswera manja ali pamaondo. Ndinkapempha tsache kuti ndisese bwalo, asilikali akundidabwa, chifukwa kukhala osagwira kanthu kunkandizunguza mutu. Foni yanga inasowera komweko pamodzi ndi manambala onse, ndipo katundu wanga wa kuchipinda sindinamuonenso.

Atandibweza kuno, kumudzi ndinapeza zinthu zitasintha. Chisomo anali atatalika kundiposa, ndipo ankandipatsa moni wa ulemu wonga wa mlendo. Anapita ku sekondale yoyendera, ya kutali, m'malo mwa yogonera komweko imene tinamulonjeza. Mng'ono wanga, amene kale ankandiimbira pafupipafupi kufunsa nsapato za ku Joni, anangodutsa n'kuti, "Mwafika eti," osakhala ndi pansi pomwe. Amake Chisomo sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ankandiphikira, ankandichapira, koma nkhani zathu zinali za mbewu ndi mbuzi basi. Ndikati nditchule za Tobiyasi ankadzuka kukaona moto.

Chondipweteka kwambiri chinali kusadziwa. Ndinatsika mpaka ku Matope kukafunsa, koma mkazi wa Tobiyasi naye anali asanamve kanthu, ndipo ndinapempha abale ake kuti adikireko nyengo imodzi. Mvula inagwa, tinalima, tinapalira. Panali masiku amene ndinkaima ndi khasu m'munda n'kudzifunsa ngati ndinataya ntchito ndi mtendere wa pabanja panga chifukwa cha munthu amene akadali m'selo. Ndikadzifunsa choncho ndinkapezabe kuti ndikanapitanso.

Tsiku lina masana, ine ndi amake Chisomo tikusankha mbewu pabwalo, njinga yamoto ya kabaza inaima kumsewu. Anatsika munthu wamtali, wowonda, atavala malaya oyera. Anayenda mpaka pabwalo, sananene odi, sanapereke moni. Anafika patsogolo pa amake Chisomo, anakhala pansi pafumbi n'kuzolika nkhope.

Ndinafuna kumudumphira, kumukumbatira, koma mmene anakhaliramo ndinadziwa kuti sanabwerere ine.

"Kodi ameneyu ndani?" anafunsa amake Chisomo. "Akudwala?"

"Ndi Tobiyasi."

Anasiya lichero limene linali m'manja mwawo. "Nanga bwanji sakulankhula?"

"Wabwera kudzapepesa kwa inu. Sangalankhule yekha."

"Ndiye alankhule ndani?"

Ndinapukuta manja, ndinadzuka pamene ndinakhala, n'kukakhala pansi pambali pa Tobiyasi, moyang'anana ndi akazi anga. Ndinaomba m'manja. A nyumba zoyandikana anali atayamba kale kusuzumira.

"Inu bambo a Chisomo, musandiseketse anthu. Ndinu amuna anga kapena nkhoswe yake?"

"Lero ndine nkhoswe yake, mayi. Chifukwa cha munthu uyu amuna anu anachoka pantchito, ndipo mwana wanu akuyenda mtunda kupita kusukulu. Palibe chimene tikukana. Pepani."

Anatiyang'ana tonse awiri nthawi yaitali, amuna akuluakulu tili pafumbi. Kenako anafunsa, osati ine, koma iyeyo.

"Anakutulutsa liti?"

"Sabata yatha, alamu. Lefa anakandilankhulira yekha ku komiti."

"Banja walipeza?"

"Ndalipeza. Mwana ankandithawa, koma dzulo wandilola kumuperekeza kusukulu."

Amake Chisomo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Dzukani apo nonse awiri, fumbi limenelo adzachapa ndani?" Kenako anatembenukira kwa mayi wa nyumba yoyandikana, amene anaima kumpanda khosi litatalika, n'kukweza mawu kuti amve ndi a kumsewu omwe.

"Mukusuzumira chiyani? Bwerani mudzamuone! Ameneyu ndi munthu uja bambo a Chisomo anakamutulutsa m'ndende ku Joni."